Nambala ya Pansi pa Girizi

Wogula wachokera ku Lilongwe, nsapato zoyera mbee,
wazungulira Pijoti ya bambo katatu
ngati akusankha ng'ombe yokoka ngolo.
Za penti sakufunsa. Mipando yong'ambika sakuiona.
"Giyabokosi," akutero. "Ndi yomwe idabwera nayo?
Ngati ndi yomweyo, ndiwonjezerapo theka."

Ndavomera ndisanameze malovu.
Paja bambo ankalumbira pamaliro ndi paukwati pomwe:
"Pansi pa galimoto iyi sipanafike sipanala ya mlendo."

Koma pakamwa si chidindo.
Ndiye tili pa galaja ya a Layitoni, kuseri kwa depoti ya Kasungu,
jeke wakweza, zitsa ziwiri zachirikiza,
ine ndagona chagada pa katoni ya sopo,
dzuwa la Okutobala likuliza malata.

Girizi wa zaka makumi anayi wauma ngati chulu.
Ndikupala ndi kachidutswa ka sowo,
ndikutsuka ndi palafini ndi mswachi wotha.
Kumaso kwanga kukugwa katondo wa ku Chamama,
mchenga wa pa Bua,
fumbi la mabelo onse omwe adandilipirira sukulu.

"Nambala imakhala pamwamba, posafika diso,"
akutero a Layitoni, akundipatsira galasi losweka
ndi tochi ya pa foni.
Ndikuwerenga chobwerera, ngati mwana wa Sitandade wani:
seveni, foro, foro,
kenako naini kapena sikisi, dzimbiri ladyako mutu.

Iwo ali pa kachitsulo ka chasesi, akuwerenga zawo.
Sizikukumana. Ngakhale imodzi.

Alowa okha, akwawa ndi zigongono.
"Taona mitu ya mabawutiwa, yakulungika, idalumidwapo kale.
Iyi ndi ya pulawo, si ya galimoto.
Taonanso msoko uwu pa shafuti:
adadula, adalumikiza, adapala kuti pasaoneke.
Koma dzanja lake linali laulemu, mwana iwe.
Wakuba sawotcherera chonchi."

Ndatuluka, ndapita pansi pa mtengo wa keshya,
ndaimbira mayi, zala zikudetsa foni.

Aseka kaye, kenako chete.
"Idathyoka chaka chomwe adadzatitenga ku Mkanda,
iwe uli kumbuyo kwanga, usanadziwe kuyenda bwino.
Tidagona m'njira masiku awiri, mvula ikutikwapula.
Ina adakagula ku Chipata, adagulitsa njinga ndi wailesi.
Adamanga okha, usiku,
ine nditagwira nyali, iwe ukulira pa mpando wakutsogolo.
Atamaliza adapukuta manja pa thalauza nati:
Chomwe ndamanga ndi manja anga si chachilendo,
ndipo asadzandifunse munthu.
Sindinadziwe ngati ankanena chitsulocho."

Ndayang'ana laisensi yanga m'chikwama.
Dzina la Chimphepo lili pomwepo, lodindidwa bwino.
Nanenso wina atandipala ndi sowo,
atandiunika ndi galasi losweka,
nambala yanga singakumane ndi yawo.

Wogula akugwedeza makiyi a galimoto yake.
Ndamuuza: si yomweyo, bwana.
Wakwinya nkhope, wachotsa theka lija,
wachotsanso lina pamwamba pake.
"Zosakaniza sizikhala ndi mtengo," akutero.
A Layitoni alavula pambali, sadayankhe.

Tatsitsa jeke. Ndalipira palafini.

Pa msewu wa ku Mtunthama ndaponda kilachi,
wani walowa yekha.
Thu ndi uja wamakani:
umayamba waima pakati, kupuma kamodzi,
kenako kukankha mofatsa, ngati ukudzutsa wodwala.
Bambo adandiphunzitsa dzanja lawo lili pamwamba pa langa,
chigamba cha pachikhatho chikundikanda.

Ndapuma kamodzi.
Walowa.
Kumbuyoko nsapato zoyera zikusasa fumbi langa.